Osakhudza Kabuleta ya Nev

Mwamuna wanga Neville Krelle anakhala wachiwiri pa Chikho cha Tirigu kanayi konse, ndipo kanayi konseko anali nacho choloza chala. Ulendo woyamba linali tayala, wachiwiri anali wokupiza mbendera, maulendo enawo ndaiwala. Chikhochi timalimbirana pothamangitsa galimoto kamodzi pa chaka, kumayambiriro kwa Malichi, pabwalo lathu ladothi la ku Nerrigal, tirigu atalowa kale m'nkhokwe. Si chikho choti mungagulitse n'kupezapo kanthu, n'chachitsulo wamba ndipo chogwirira chimodzi anachita kuwotcherera. Koma Nev ankachifuna moti sankagona nacho tulo, ndipo chaka chimene ndikunenachi unali mwayi wake wotsiriza.

Unali wotsiriza chifukwa komiti ya kalabu inali itagamula kuti kuyambira chaka chotsatira galimoto za kabuleta, chipangizo chakale chosakaniza petulo ndi mpweya, zisadzalowenso m'bwalo. Zonse zidzakhale za injekishoni, zija kompyuta ndiyo imayeza petulo wolowa mu injini. Chaka chimenecho anatilola kuthamanga mosakanikirana kuti anthu akonzeke. Nev anali ndi zaka 61, ndipo ananeneratu kuti iye sadzakwera galimoto yoti ikadwala aziitanira munthu wa laputopu.

Ine pansi pa mtima ndinkaona kuti komiti sinalakwe kwenikweni. Galimoto zakale zinali zitatha kwa ophwasula, zipangizo zake tinkachita kuitanitsa kunja, ndipo achinyamata ankabwera kudzaonerera n'kubwerera osalowa kalabu. Koma ndinakwatiwa ndi Nev, sindinakwatiwe ndi komiti, choncho ndinangokhala chete.

Nev sanakhale chete. Mwambo wathu ndi woti wopambana mpikisano uliwonse amapatsidwa maikolofoni kuti athokoze mkazi wake, wogulitsa matayala ndi amene anathirira bwalo. Mu Febuluwale Nev anapambana kampikisano kakang'ono, ndipo atalandira maikolofoni sanathokoze aliyense. Anauza anthu kuti komiti yathu sidziwa kusiyanitsa kabuleta ndi ketulo, ndiponso kuti wapampando, Lindsay Pfitzner, chibadwire sanagwirepo sipanala kupatula potsegula botolo la mowa. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Lindsay, amene anakhala desiki imodzi ndi Nev kusukulu, anaseka nawo. Lachiwiri lake kunyumba kunabwera kalata.

Lamulo 14 la kalabu limati dalaivala wonyoza kalabu pagulu alipire chindapusa cha madola 300, ndipo apepese pa maikolofoni yomweyo. Chindapusacho Nev anakapereka tsiku lomwelo, akuimba mluzu. Kupepesako ndiko kunali ngati kumuzula dzino. Lindsay anamuuza kuti mipikisano yoyambirira ya tsiku la chikho athamanga, koma wotsiriza, wa chikho chenichenicho, salowa ngati sanakwere pansanja n'kupepesa anthu atadzaza. Anamulemberanso mawu ake pakapepala, chiganizo chimodzi chokha, ine n'kukamata pachitseko cha firiji. Kwa masabata atatu Nev ankatsegula firijiyo atayang'ana kumbali.

Tsopano ndinene za kabuletayo, poti nkhani yagona pamenepo. M'kati mwake mumakhala majeti awiri, tizitsulo tamkuwa tokhala ngati nsawawa, tobooka pakati, ndipo petulo amadutsa pabowopo. Jeti iliyonse ili ndi nambala yake. Kukatentha, mpweya umapepuka, ndiye mumaika majeti a bowo laling'ono. Kukazizira, mpweya umalemera, injini imafuna petulo wambiri, ndipo mukaisiya ndi majeti aang'ono imathamanga ndi ludzu mpaka kubowola pisitoni, injini n'kufera pomwepo. Kompyuta imasintha zimenezi yokha, osauzidwa. Nev ankasintha ndi manja, atanunkhiza mphepo ngati galu wosaka, ndipo luso limeneli ndilo ankanyadira kuposa ana ake.

Ine sindinkaloledwa kuikhudza kabuletayo. Titangokwatirana kumene, ndili ndi zaka 24, ndinagwetsera kanati kakang'ono kachitsulo kukhosi kwa kabuleta osaona, ndipo injini yonse inatha pa ulendo umodzi wozungulira bwalo. Nev sanandikalipire. Anangonditengera thireyi yakale ya uvuni n'kunena kuti ntchito yanga izikhala yogwira imeneyo, kuti aziikapo masikuluwu. Ndinaigwira thireyiyo zaka 31. Munthu ukamagwira thireyi maso alibe chochita china, amangoonerera.

Tsiku la chikho kunacha kotentha, ndipo pofika masana kunali madigiri 41. Mphepo yakumpoto inkabwera ndi fumbi la m'minda, ntchentche zili m'maso. Nev anatsegula kachitini ka fodya momwe ankasungira majeti, nasankha nambala 70. Sanalakwe. Anapambana mpikisano woyamba, nakhala wachiwiri pa winawo, ndiye pa wotsiriza anayenera kuyambira mzere wakutsogolo, pambali pa Shanae Obst. Shanae ndi mtsikana wa zaka 23 amene amayendetsa lole ya tirigu, ndipo galimoto yake ya injekishoni inali itatisautsa chaka chonse. Malo ake okonzera anali oyandikana ndi athu.

"Mdala, mwawiritsa kale madzi m'ketulo yanu ija?" anafunsa Shanae akudutsa.

"Iwe pita ukatchaje foni yakoyo, ingakuthere batire pakona," anatero Nev.

"Tsabola wakale sawawa, mdala."

Ankakondana awiriwa, kungoti sakanavomera.

Galimoto zinayenera kukhala pachipata cha bwalo nthawi itatsala mphindi khumi kuti ikwane 7 koloko, ndipo wochedwa amayambira kumbuyo kwenikweni. Hafu pasiti sikisi Lindsay anatuma uthenga woti Nev akwere. Ndinamupatsa kapepala kaja m'manja n'kumuuza kuti ndi chiganizo chimodzi, awerenge atsike. Anandiyankha kuti iye si mwana.

Nsanja yathu ndi kontena yakale imene anaikweza pamizati, kutsogolo kwake anaikako galasi, m'kati muli makina oziziritsa. Munthu akakhala m'menemo bwalo amaliona lonse, koma zakunja sazimva pakhungu. Ndinamuona Nev akulowa, akulandira maikolofoni, ndipo mawu ake anamveka pa zokuzira mawu zonse. Anawerenga chiganizocho bwinobwino, kuti akupepesa kwa kalabu ndi kwa wapampando chifukwa cha mawu ake a mu Febuluwale. Mtima wanga unakhala pansi. Kenaka ndinamumva akukonza kukhosi.

"Koma pali ena amene kunalibe tsiku lija," anatero. "Si bwino kuti azimva munthu akupepesa osadziwa chimene akupepesera. Ndiye ndibwereze zimene ndinanena."

Anabwereza zonse, za ketulo, za sipanala, nawonjezerapo zina zimene anazikumbukira m'masabata atatu aja. Anthu anakuwa mokondwa. Ndinkamuona Lindsay kuseri kwa galasi akutambasula dzanja, Nev akutembenukira kwina ndi maikolofoni. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo Lindsay tsiku limenelo anazilandira. Nev anaisiya nkhani ya komiti n'kuyamba kulalikira za injini. Anati kompyuta ilibe khungu, ilibe mphuno, siinayambe yaimapo m'munda m'mawa. Anati dalaivala weniweni mpweya amaumva pakhosi usanafike n'komwe.

Ali m'kati monena zimenezo, mphepo inaima. Mbendera za pampanda zinagwa pansi, ntchentche zinatera. Ine ndinakulira pafamu, ndimadziwa tanthauzo la bata limenelo. Ndinatembenukira kummwera chakumadzulo ndipo ndinaona mtambo wautali, wotuwa, utagona ngati mpanda. Pasanathe mphindi ziwiri mphepo inawomba kuchokera kumeneko, yozizira, yonunkhira mvula yakutali. Matenti anayamba kukupiza, makapu apepala akugubuduka, azimayi akufunafuna majuzi a ana. Kachipangizo koyezera kutentha kamene Nev anakamangirira pangolo yathu yonyamulira galimoto kankatsika ndikuona: 36, 31, 28.

Amuna atatu ena amene anali ndi galimoto za kabuleta anathamangira maboneti awo. Shanae anakhala pa tayala akunyambita ayisikilimu, kompyuta yake ikumugwirira ntchito. Ine ndinaima poyera n'kuyamba kukupiza manja kuloza kunsanja, ndikuloza kumwamba, ndikuloza galimoto. Nev anandiona. Anandibayibitsa mosangalala, n'kuuza anthu kuti ngakhale mkazi wake Glenys akugwirizana naye. Foni yake inali pampando wa galimoto yathu yokokera ngolo, ndinkachita kuiona.

Panatsala mphindi khumi ndi imodzi. Kunena zoona, ndinakwiya kwambiri moti ndinaganizako zongomusiya kuti pisitoni imuphunzitse zimene ine ndinalephera. Koma ndinakumbukira maulendo anayi aja tikubwerera kunyumba osalankhulana, wailesi yokha ikulongolola, ndipo ulendo uno kunalibe chaka chamawa choti tidzitonthoze nacho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatsegula boneti.

Injini inali ikadali yotentha. Ndinayala kansanza pansi pa kabuleta, n'kutenga chivundikiro cha fulasiki kuti chilandire petulo. Sikuludiraiva ya Nev, ya chigwiriro chamtengo, ndinali nditampatsira kambirimbiri, koma ndinali ndisanapotolepo nayo kanthu. M'mutu munkangobwera kanati kaja. Ndinamasula masikuluwu anayi, lililonse ndikuliika pathireyi imene ndinaikhazika pa tayala poti panalibe wondigwirira. Petulo anatsikira m'chigongono. Majeti a 70 anatuluka mosavuta, ndinawaponya m'thumba la malaya.

M'kachitini muja munali 72 ndi 73. Ndinadziwa kuti Nev akanatenga 72. Ndinayang'ananso mtambo uja, ndinaona kuti sunafike n'komwe pamwamba pathu, kutanthauza kuti kuzizira kwenikweni kunali m'njira, ndipo mpikisano unali wozungulira bwalo maulendo 30. Ndinatenga 73.

"Mayi Krelle," anatero Shanae, ataima kumbuyo kwanga, "mdala akudziwa zimenezi?"

"Iwe nyambita ayisikilimu wakoyo."

Shanae anatola thireyi ija pa tayala n'kundigwirira pafupi. Sindinamuthokoze, nthawi panalibe. Ndinamanga masikuluwu mopingasa monga ndinkaonera, ndinaliza injini, ndinayang'ana ngati pakudontha, n'kuizimitsa. Ndikutseka boneti, mawu a Nev anaduka pakati pa chiganizo. Lindsay anali atazula waya kukhoma.

Nev anafika akuthamanga, nkhope ili ngwee ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anati Lindsay wamuwirikizira chindapusa koma wamulola kuthamanga, poti kupepesa anapepesa ndipo anthu onse ndi mboni. Ndinamuveka chisoti. Zitseko za galimoto zimenezi n'zowotcherera, munthu amalowera pawindo, ndipo Nev anali atalowetsa mwendo umodzi pamene anaima. Mphepo inali ikumuwomba pakhosi paja ankanena.

"Glen, yatembenuka liti mphepoyi?"

"Uli m'kati mouza anthu za khungu lako."

Anayang'ana boneti, nayang'ana kuchipata kumene woyang'anira anali akuimba kale wezulo. Sindinamuonepo mwamuna wanga atakalamba ngati mphindi imeneyo. Ananena motsitsa mawu kuti ibowola pisitoni, isanafike n'komwe pakati. Ndinamumvera chisoni, koma sindinamuuze kanthu. Ndikanamuuza, akanatsegula boneti kuti aone zimene ndawononga, ndipo akanayambira kumbuyo kwa galimoto 17. Ndinangomenya padenga kawiri monga mwa masiku onse, iye n'kupita.

Mbendera yobiriwira itakupizidwa, Shanae anatsogola ndipo Nev anangomulekerera. Ndinaima pampanda ndikumvetsera, ndipo ndinkamumva akuchotsa phazi msanga kumapeto kwa njira yowongoka, akuinyengerera injini ngati munthu woyenda ndi dzira m'thumba. Wina anamudutsa, winanso anamudutsa. Ndinkalankhula ndekha ngati wamisala, ndikumuuza kuti aponde, koma ndani akanandimva. Pofika ulendo wa khumi anali wachinayi, ndipo ndinayamba kuganiza kuti chinsinsi changa chomwe ndicho chimulande chikho.

Pa ulendo wa khumi ndi chiwiri phokoso la galimoto yathu linasintha. Nev khutu ali nalo, zimenezo sindingamulande. Anali akudikira kuti injini iyambe kulira ngati misomali m'chitini, monga imachitira ikakhala ndi ludzu, koma inkangokoka bwinobwino. Anaiyesa kamodzi mpaka pakona osachotsa phazi. Anaiyesanso. Kenaka anakwera kumtunda kwa bwalo, kufupi ndi khoma kumene dothi linali likadali lonyowa, n'kuyamba kuyendetsa ngati ali ndi zaka 30.

Anadutsa wachitatu, anadutsa wachiwiri. Nev anamupeza Shanae pa ulendo wa 22, ndipo mtsikanayo sanamupatse mpata ngakhale wa chala. Anayenda mbali ndi mbali maulendo anayi, iye pansi, Nev kumtunda, dothi likutigwera m'tsitsi. Kunja kunali kutazizira moti ndinkanjenjemera m'malaya anga onunkha petulo, ndipo injini yathu inkamveka ngati ikungoyamba kumene. Pa ulendo wa 27 Nev anatuluka pakona ali patsogolo ndi theka la galimoto. Anapambana ndi mpata wosakwana boneti. Ndinalira, ndipo ndinali ndikadakwiyabe.

Atazungulira bwalo ndi mbendera, Lindsay anatsika ndi chikho m'dzanja limodzi, maikolofoni m'dzanja linalo, akuyenda ngati wopita kwa dokotala wa mano. Mwambo ndi mwambo, sakanamumana. Anthu anatchera khutu, poti aliyense anadziwa kuti kabuleta yagonjetsa kompyuta pa mpikisano wake wotsiriza, ndipo wonenerera wake ndi uyu. Nev analandira maikolofoni, naiyang'ana kanthawi.

"Zikomo nonse pobwera," anatero, n'kuibweza.

Lindsay anaigogoda ndi chala kuti aone ngati ikugwira ntchito.

Kumalo athu okonzera kunadzaza anthu, ena ndi mowa, ena ndi soseji m'buledi, onse ofuna kumugwira dzanja. Shanae anabwera n'kumuuza kuti ketulo yake yawira bwino lero, kenaka anandiyang'ana ine n'kuchoka. Nev anaika chikho pangolo, nadikira mpaka anthu atachepa. Kenaka anatsegula boneti, natenga sipanala, namasula pulagi imodzi. Pulagi siinama. Injini ikathamanga ndi ludzu nsonga yake imayera ngati choko. Iyi inali yofiirira ngati tiyi wamkaka. Anaitembenuza kawiri pa kuwala kwa dzuwa limene linali likulowa, kenaka anapukuta chala pansi pa kabuleta n'kununkhiza.

Ndinapisa m'thumba n'kuika majeti awiri a 70 pathireyi.

"Waika nambala yanji?" anafunsa.

"73."

"Ine ndikanaika 72."

"Iwe kunalibe. Ndipo 72 ikanakufikitsa pa ulendo wa 20 basi, kunali kukuzizirabe."

Anayang'ana kachipangizo ka pangolo kaja. Kankaloza 19. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti zimenezi ndakhala ndikuzidziwa kuyambira liti. Ndinamuuza kuti kuyambira mwana wathu woyamba asanayambe sukulu. Mwanayo tsopano ali ndi ana ake awiri. Nev anakhala pa tayala, pulagi ikadali m'manja. Ndikanatha kusiyira pomwepo, linali tsiku lake. Koma zaka 31 n'zambiri, ndipo zinandituluka zokha.

"Chaka cha tayala chija, Nev, silinali tayala. Unaika majeti aakulu, inkatsamwa potuluka pakona. Ndinaona ukuwasankha."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Unati ndizigwira thireyi."

Munthu amene analipira chindapusa kawiri pa mwezi umodzi chifukwa cha pakamwa anangoika pulagi ija pathireyi. Anakhala pamenepo akuyang'ana chikho chake, ndipo ndikhulupirira ankawerenga zikho zina zimene zikanakhala pambali pake. Inenso zinandiwawa, kuposa mmene ndinkayembekezera. Ntchito imene ndinkaidziwa theka la moyo wanga ndinaigwira kamodzi kokha, mobisa, pa tsiku limene inatha.

M'mawa mwake, Lamlungu, tinakankhira galimoto m'shedi kuti tichotse kabuleta komaliza, poti panalibenso bwalo loilandira. Nev anatenga sikuludiraiva ya chigwiriro chamtengo ija, naigwira kanthawi, kenaka anandipatsa osandiyang'ana. Ndinamasula ndine, iye anagwira thireyi. Anaigwira mopendekeka, masikuluwu akugubudukira kumbali, ndipo ndinamuuza.